Mlandu wa Owerenga m'Nyumba za Fodya ku Tampa



Mlandu umene tiuika pamaso panu lero unacitika m'mudzi wa Tampa, m'dera la Florida ku America, pakati pa eni nyumba zopangiramo ndudu ndi anchito ao. Tinena ndudu zazikuru zija zopotedwa ndi manja, za masamba a fodya okha okha, zopanda pepala. Cimene anakanganira si malipiro ai, koma munthu mmodzi wokhala pansanja ndi buku m'manja.

Mwambowo unayamba pa cisumbu ca Cuba, m'mudzi wa Havana, caka ca 1865. Kupota ndudu kulibe phokoso. Manja agwira nchito, makutu ali cabe. Cotero anchito anapangana kulemba munthu wa mau omveka, kuti aziwawerengera pamene iwo alikupota. Caka cotsatira Boma la Spain, limene linalamulira cisumbuco, linaletsa kuwerengako, poopa anthu a nchito akumva zambiri. Koma mwambo sunafe. Ndipo pamene Vicente Martinez Ybor anamanga mudzi wace wa fodya ku Tampa mu 1885, opota ndudu ocokera ku Cuba anaoloka nao nyanja.

Tipempha mumvetse bwino apa, pakuti mlandu wonse wagona pomwepa. Wowerenga sanali wanchito wa mwini nyumba. Anchito ndiwo anamsankha, atayamba amva mau ace. Ndiwo anamlipira, munthu ali yense masenti ngati 25 pa sabata. Ndiwonso anasankha buku, mau a ambiri napambana. Mmawa anawerenga nyuzipepala m'cinenero ca Spain. Masana anawerenga mabuku a Cervantes, Victor Hugo ndi Emile Zola. Ndiponso, tisabise, analikuwerenga zolemba za iwo ofuna kugwetsa eni cuma. Akawerenga bwino, anchito anagogoda mipeni yao yodulira fodya pamagome, m'malo mwa kuomba m'manja. Ambiri mwa iwo sanapite patali ndi sukulu, komatu anadziwa za maiko koposa makalaliki ena amene tiwadziwa ife.

Eni nyumba anati wowerenga ndiye afesa mbeu ya cipanduko. Atatha kunyanyala nchito kwa miyezi 10, kumene kunayamba mu 1920, anchito anagonja, ndipo owerenga anacotsedwa. Anabwezedwa patapita zaka zingapo. Mu 1931, nchito itacepa ndi umphawi utakula m'America monse, anchito ambiri analowa bungwe lotsamira kwa Akomyunisti. Pa 7 November panabuka nkhondo pakati pa apolisi ndi anthu osonkhana kukumbukira cipanduko ca ku Russia, ndipo ena anamangidwa. Kumapeto kwa mwezi womwewo anchito anafika mmawa, napeza nsanja za owerenga zitaphwasulidwa. Anaturuka onse.

Kodi eni nyumba ananama? Sitinena kuti ananama konse. Mau aukali anawerengedwadi. Koma tifunsa: anapangana kugula ciani polemba munthu nchito? Anagula manja ace, ndipo ndudu zinaturuka monga mwa pangano. Makutu sanawagule, ngakhale wowerengayo sanamlipira kobiri. Cao ceni ceni cinali nyumba ndi matabwa a nsanja. Ndipo ndi matabwawo anagwira mlandu umene sakadaugwira ndi mau. Tiona ife kuti pamenepa anchito anali ndi coonadi, koma analibe pakhomo pao pakuikapo nsanja.

Anchito atafuna kubwerera, anapeza eni nyumba atatseka makomo. Woweruza wa Boma analetsa bungwe lao. M'mwezi wa December anabwerera ku magome ao, wowerenga palibe, ndipo sanabwezedwenso ku Tampa. M'nyumba zina munalowa wailesi. M'zina makina opota ndudu, amene phokoso lace silikadalola munthu kumveka. Ku Cuba kumene mwambowo unabadwira, Boma linauwerengera pa cuma ca mtundu wao mu 2012.