Mawu a mlendo wolemekezeka pa tsiku lozula lantana m'nkhalango ya m'mudzi ku Kasungu

Gogo Chalo, mafumu onse, alangizi a zankhalango, a komiti ya zachilengedwe, amayi, abambo ndi achinyamata.

Pofika pano ndinagwirana chanza ndi mayi wina, mikono yonse ili zilonda zokhazokha, minga ya lantana itawakala. Ayamba kuzula m'mamawa, popanda wowalonjeza malipiro. Mayi, mpando umene andikhazikapowu unayenera inu.

Fodya watilera kuno ku Kasungu. Mabelo akagulidwa ku Chinkhoma, ana amapita kusukulu, nyumba zimafoleredwa malata. Koma tisabisane, mphanda za zigafa ndi nkhuni za m'mabalani tinazidula m'tchire lomweli. Titagwetsa mombo, tsamba ndi msuku, malo anatseguka, lantana n'kulowa. Kwawo ndi ku Central ndi South America, anabwera ngati duwa lokongoletsa mpanda. Mbalame zimadya tizipatso take n'kumamwaza njere paliponse. Akangoyanga, ziphukira za mitengo yathu zimafera pansi pake posowa dzuwa, ndipo ng'ombe ikadya masamba ake, chiwindi chimawonongeka.

Vuto la zomera zachilendo zolanda malo si lathu tokha. Pa phiri la Mulanje, a Mulanje Mountain Conservation Trust atha zaka zambiri akuchotsa paini amene analanda malo a mkungudza.

Tsono pempho langa ndi ili. Chikwanje chokha sichipha lantana. Mukangomudula, amaphukanso ndi mphamvu kuposa kale. Tengani khasu, kumbani, chitsa chituluke ndi mizu yake, makamaka pano nthaka idakali yonyowa. Ndipo pozula muziyang'ana pansi. Lero m'mawa mnyamata wina wandionetsa kamsuku kofika m'bondo, kamene kanali kobisika m'chitsamba. Palibe anakafesa, palibe anakathirira. Kanali kukudikirani inu. Nyengo yobzala mitengo, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, timanyamula mbande zambiri, koma kamtengo ngati kameneka kali kale ndi mizu yakuya, sikaopa chilimwe. Masuku, bowa, matondo ndi uchi zidzachokera ku mitengo yotereyi.

Gogo Chalo, ndikupempha mawu anu awiri: pasapezekenso wotchinga mpanda ndi lantana m'midzi muno, ndipo mafumu aike tsiku limodzi mwezi uliwonse loti tibwererenso kudzazula tizomera tatsopano. Tsiku limenelo mundiitane, ndidzabwera ndi khasu langa.