Helikopita Yokwana M'dzanja

Omvera a m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje safunika kuuzidwa kuti helikopita ndi chiyani. Anthu a m'madera ena amaiona pa chithunzi kapena patali m'mitambo, koma a ku Chigwa cha Shire anaiona pafupi, ikutera pa bwalo la sukulu, fumbi ndi zinyalala zili kobo. Mu Januwale 2015, pamene mitsinje ya Shire ndi Ruo inasefukira ndipo boma linalengeza kuti maboma 15 agwa m'tsoka, dera la Makhanga linasanduka chilumba, kotero kuti chakudya ndi mankhwala zinkafika pa bwato kapena pa ndege basi. Zinateronso mu Malichi 2019 ndi mvula ya namondwe wa Idai, ndiponso mu Malichi 2023 pamene namondwe wa Freddy anakantha chigaŵo cha kummwera, maiko oyandikana monga Tanzania ndi Zambia natumiza ndege zawo kudzathandiza. Madzi akaphwa ndipo ndegezo zikabwerera kwawo, ana a m'midzi amayamba kupanga mahelikopita awoawo a waya, a mapesi ndi a dongo. Nkhani ya lero ndi ya luso limeneli, ndi mmene lingakulire mwana ataphunzira kupanga chifanizo motsata muyeso.

Kupanga zidole za waya ndi luso lakale m'Malaŵi muno, ndipo mbiri yake inafika kutali, pakuti mu 1990 mai Karen Lynn Williams wa ku America anasindikiza buku la ana lotchedwa Galimoto, lonena za mnyamata wa kuno amene anasonkhanitsa waya kuti apange kagalimoto kake. Kumaiko a kunja luso lofanana nalo lili ndi mafakitale ake. Makampani monga Airfix ya ku Britain, Revell ndi Tamiya ya ku Japan amagulitsa mabokosi a tizidutswa ta pulasitiki timene munthu amalumikiza yekha kufikira ndege, sitima kapena galimoto itaumbika. Akuluakulu ndi ana omwe amachita nazo chidwi. Chimene chimasiyanitsa chifanizo chotere ndi chidole wamba ndi chinthu chimodzi, ndicho muyeso. Pa bokosi pamalembedwa manambala monga 1:72 kapena 1:48. Tanthauzo la 1:72 ndi lakuti chiŵalo chilichonse cha ndege yeniyeni chachepetsedwa ka 72, osati china kwambiri china pang'ono ai. Kwa ozoloŵera miyeso yakale, inchi imodzi pa chifanizo imaimira mapazi 6 pa ndege yeniyeni, ndiye kuti munthu wamtali mamita 1.8 amasanduka kamunthu ka masentimita 2.5.

Mwa mahelikopita onse, woyenera kuti mwana wa ku Chigwa amphunzire ndi wa asilikali a panyanja, chifukwa imodzi mwa ntchito zake zazikulu ndi kuvuula anthu m'madzi. Wotchuka pa mtundu umenewu ndi Sea King. Kampani ya Sikorsky ya ku America inaulutsa woyamba mu 1959, ndipo pambuyo pake kampani ya Westland ya ku Yeovil m'dziko la England inapatsidwa chilolezo chopanga ake. Mu 1969 Sea King ndiye anatola panyanja ya Pacific amuna atatu a chombo cha Apollo 11 pobwerera kuchokera ku mwezi. Ndege imeneyi inafikapo pafupi ndi kuno. Mu Malichi 2000, madzi atasefukira ku Mozambique, sitima ya ku Britain yotchedwa Fort George inafika kunyanja ya kufupi ndi Beira itanyamula ma Sea King amene ankatumiza chakudya kwa anthu ozingidwa ndi madzi. Beira ndi doko lomwe lija limene njanji ya ku Nsanje inkapita kudzera pa mlatho wa Dona Ana pa mtsinje wa Zambezi. Asilikali a panyanja a ku Britain analeka kugwiritsa ntchito Sea King mu 2018, koma chifanizo chake chikugulitsidwabe.

Wofuna kupanga chifanizo chabwino amayamba ndi kufunsa ntchito ya chiŵalo chilichonse. Mimba ya Sea King inaumbidwa ngati bwato, kuti ikatera pamadzi isamire msanga. M'mbali zonse ziŵiri muli timatumba totuluka ngati mapeŵa, mmene mumabisala mawilo, ndipo timathandizanso kuti ndege isapendekeke pamadzi. Pamwamba pali mainjini aŵiri, kuti imodzi ikafa inayo ipirire. Mapiko aakulu ndi asanu, ndipo amapindikira kumbuyo pamodzi ndi nsonga ya mchira, chifukwa malo pa sitima ndi opanikiza. Pamwamba pa khomo la kudzanja lamanja pali makina okulunga chingwe chachitsulo, chimene msilikali amatsika nacho kukamangirira munthu amene ali m'madzi kapena mumtengo. Kumchira kuli timapiko tating'ono toimirira. Injini ikamazunguza mapiko aakulu kumka mbali imodzi, thupi la ndege limafuna kuzungulira kumka mbali inayo, ndipo timapiko ta kumchira ndito timaliletsa, monga mmene mpalasi amaongolera bwato ndi nkhafi kuti lisapotoke.

Tsono masamu ake ndi otere. Thupi la Sea King ndi lalitali pafupifupi mamita 17, amene ndi masentimita 1,700. Kugaŵa ndi 72 kumapereka masentimita pafupifupi 24. Mapiko aakulu akamazungulira amalemba bwalo la mamita 18.9 kuchokera mbali ina kufika mbali inzake, ndiye kuti pa chifanizo ndi masentimita 26, ndipo phiko lililonse litalike masentimita 13 kuchokera pakati. Msinkhu wa ndege ndi mamita 5 ndi pang'ono, amene amakhala masentimita 7. Popeza mapiko ndi asanu ndipo bwalo lili ndi madigiri 360, pakati pa phiko ndi linzake payenera kukhala madigiri 72. Mwana wa Sitandade 7 angathe kuchita zonsezi ndi rula ndi kachida koyezera makona ka m'bokosi la masamu. Pamenepo amazindikira chimene maso okha sanamuuze, chakuti mapiko ndi otambalala kuposa utali wa thupi. Ana ambiri amapanga mapiko aafupi ndi thupi lalikulu, ndipo helikopita yawo imaoneka ngati nkhuku, pamene yeniyeni ili ngati tombolombo.

Amene ali ndi mwai wolandira bokosi la m'sitolo, kapena kuchokera kwa mbale wa ku Joni, adziŵe kuti ntchitoyi ili ndi dongosolo lake. Tizidutswa, timene kaŵirikaŵiri timaposa 100, timabwera titamatirira ku timitengo ta pulasitiki. Poyamba amatitsuka ndi madzi a sopo kuti penti idzagwire. Chidutswa sachithyola ndi dzanja koma amachidula ndi lezala, nasalaza podulapo ndi sandipepa wosalala. Asanapake guluu amayamba walumikiza zidutswazo zili zouma kuti aone ngati zikugwirana. Mipando, zoongolera ndi pansi pa ndege amazipenta thupi lisanatsekedwe, pakuti mbali ziŵirizo zikamatidwa burashi siloŵanso. Guluu wa pulasitiki amagwira posungunula pulasitikiyo, motero kadontho kamodzi nkokwana, ndipo akakhudza mawindo amawachititsa khungu kosachiritsika. Mawindo amamatidwa ndi guluu woyera wa akalipentala. Penti imapakidwa yosungunula bwino, kaŵiri kapena katatu, kudikira kuti iume nthaŵi iliyonse. Zizindikiro ndi manambala zimabwera pa kapepala kamene amakaviika m'madzi, kenaka nkuzitsetserezera pa malo ake. Akale anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo pa ntchito iyi wopupuluma amaononga m'mphindi imodzi chimene wachisamala sabata yonse.

Akatswiri salekera pa zimene zili m'bokosi. Amaonjezera tinthu tating'ono timene fakitale inasiya. Chingwe chovuulira anthu amachipanga ndi kawaya kamodzi ka m'nthambo ya wailesi yakufa. Malamba a m'mipando amawadula ku kapepala konyezimira ka m'paketi. Tinyanga ta wailesi amatipanga pofunditsa kamtengo ka pulasitiki pamwamba pa kandulo ndi kukakoka kufikira kataonda ngati ulusi. Kumbuyo kwa mainjini amadetsako pang'ono ndi mwaye kapena ufa wa pensulo, chifukwa utsi umadetsa ndege yeniyeni pamenepo. Mapiko amawaŵeramitsa pang'ono kunsonga, pakuti helikopita ikaima mapiko ake amalendeŵera ndi kulemera kwake. Munthu sangachite zimenezi ngati sanapenyetsetse chithunzi nthaŵi yaitali, ndipo kupenyetsetsako ndiko phindu lalikulu la ntchito yonse.

Mabokosi otere sapezeka m'sitolo za pa Nchalo, pa Ngabu kapena pa Bangula, ndipo mtengo wake ndi wolemera kwa banja la mlimi. Koma muyeso sugulidwa, ndipo Chigwa chili ndi zipangizo zake. Chigoba cha dambe chotalikirapo chimayandikira masentimita 24 ofunika aja, ndipo chikachotsedwa ubweya ndi ufa wa m'kati chimakhala thupi lolimba. Phesi la chimanga kapena la mapira limasemeka mosavuta kukhala mchira ndi timatumba ta m'mbali, ndipo khungu lake limalasa ngati msomali. Mapiko amachokera ku bango long'ambidwa, ku nsungwi yopalidwa kapena ku chitini. Botolo la pulasitiki loyera limapereka mawindo, ndipo patapata wakutha amapereka mawilo. Chofunika kusamala ndi nyengo. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kwa ku Chigwa kumapitirira madigiri 40, penti imauma isanasalale ndipo pulasitiki imapindika ikasiyidwa pa dzuŵa, motero ntchito yopenta ndi ya m'maŵa, pa mthunzi, kutali ndi fumbi. Mapesi ndi zigoba ziyenera kuuma bwino ndi kupakidwa penti kuti zisafumbwe.

Pa nkhani ya waya pali chenjezo limene makolo ndi mafumu ayenera kulinena mosabisa. M'mbali mwa mitsinje ndi pa milatho pali miyala yomangidwa m'madengu a waya kuti iteteze gombe. Amene amamasula waya umenewo, kaya ndi wa chidole kaya ndi wa msampha, amatsegulira madzi njira yoloŵera m'mudzi mwake momwe. Nthambo za magetsi nazo zapha anthu amene anazikhudza poyesa kuti zilibe moto. Waya wa mwana uchokere ku matayala akutha, ku masipoko a njinga ndi ku zotayidwa za amakaniko, ndipo aupemphe kwa mwini wake.

Nanga phindu lake nchiyani kwa mudzi umene ukusoŵa chakudya ndi pogona? Loyamba ndi la moyo weniweni. Helikopita ikamatera, khamu limathamangira kukaiona, ana ali patsogolo. Mwana amene anamata timapiko ta kumchira ndi manja ake amadziŵa pamene tili, ndiponso amadziŵa kuti tikamazungulira sitioneka. Iyeyo angathe kuuza anzake kuti kumbuyo kwa ndege sikupitidwa, kuti munthu amayandikira pokhapokha asilikali atamkodola, akudzera kutsogolo kumene woyendetsa akumuona, ataŵerama, wopanda khasu pa pheŵa kapena nsungwi yoimika. Amadziŵanso kuti mphepo ya mapiko imanyamula zitenje, mapepala ndi malata osakhomedwa, kotero kuti bwalo loterapo liyenera kuyeretsedwa ndipo ziŵeto zichotsedwe.

Phindu lachiŵiri ndi la mtsogolo. Mapu amene amaonetsa midzi imene madzi angafike amajambulidwa motsata muyeso. Ngalande yaikulu yothirira minda yochokera ku Kapichira, imene ntchito yake inayamba mu 2020, inayamba yalembedwa pa pepala motsata muyeso makasu a makina asanakhudze nthaka. Mlatho, chipupa chotchinga madzi ndi nyumba yokwezeka maziko zonse zimayamba chimodzimodzi. Mu Januwale 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy, mothandizidwa ndi bungwe la UNICEF, kumene achinyamata amaphunzira kupanga ndi kuulutsa tindege topanda woyendetsa m'kati, timene timajambula malo osefukira madzi ndi kunyamula mankhwala. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anali ndi zaka 14 pamene anapanga makina amphepo opereka magetsi ndi zitsulo zotayidwa, ataona chithunzi m'buku la mulaibulale. Mmera mpoyamba, ndipo manja amene adzakonza mapampu ndi mainjini a Chigwa ndi omwewo amene lero akupinda waya pansi pa mtengo.

Motero makolo asafulumire kunena kuti mwana akutaya nthaŵi, malinga ngati ntchito za pakhomo ndi za kusukulu wazitsiriza, ndipo mtsikana asaletsedwe poyesa kuti ili ndi luso la anyamata okha. Aphunzitsi angathe kutenga manambala anenedwa m'nkhani ino, 17 ndi 18.9 ndi 72, nkuwasandutsa phunziro la kugaŵa, kenaka nkuuza ana kuti sabata yamaŵa aliyense abwere ndi helikopita yake kuti idzayezedwe ndi rula pamaso pa kalasi. Ana akazoloŵera, ayese muyeso womwewo pa bwato la pa dooko, pa ngolo ya ng'ombe ndi pa nyumba ya sukulu yawo.