Mamita Otsiriza a Mpikisano wa ku London

 Lero ndipita nanu kutali, ku London, mzinda waukulu wa ku England. Za ndalama ya basi musade nkhawa, tiyenda ndi makutu cabe.

Pafupifupi caka ciliconse m'mwezi wa Epulo, pa tsiku la Sondo, kawirikawiri Isitala itangopita, amatseka miseu ikuluikulu ya mzinda umenewu. Motoka siloledwa kudutsa. Miseu amaisiyira anthu othamanga mpikisano wochedwa marathon, umene mtunda wake ndi makilomita 42 ndi mamita 195. Inu a kum'mawa, umenewu ndi pafupifupi theka la ulendo wocokera ku Chipata kufika ku Katete. Inu amene munafikako ku Lusaka, muli ngati mwanyamuka m'tauni ndi kukatulukira ku Kafue, wapansi, cothamanga.

Ine ku London sindinapondeko. Zimenezi ndinayamba kuzitsatira cifukwa ca mwana wa mlongo wanga amene agwira nchito kumeneko. Zaka zitatu zotsatizana wakhala akulembetsa kuti athamange nawo, zaka zitatu wakanidwa. Ofuna ndi ambiri kuposa malo, conco amacita maere. Pa mpikisano wa 2025 analembetsa anthu opitirira 840,000, ndipo amene anathamanga mpaka kumaliza anali 56,640. Mnyamatayo akakanidwa amapita kukaima m'mbali mwa mseu ndi kunditumizira zithunzi pa foni, amvekere, "Amalume, onani anthu!"

Ena mwa anthu amenewo ndi alendo. Amacokera ku Japan, ku America, ku South Africa, ku maiko osawerengeka. Munthu amasunga ndalama zaka, kulipira ndeke, kulipira ciphaso colowera m'dziko, kulipira pogona mu mzinda umene zinthu ndi zodula, kuti akatope pa mseu wa eni. Alipo ena amene amayenda mzinda ndi mzinda, Tokyo, Boston, London, Berlin, Chicago ndi New York, ndipo akamaliza yonse isanu ndi umodzi amalandira mendulo yapadera. Poyamba ndinaseka. Kuno kwathu munthu wamkulu amathamanga galu akamupirikitsa, kapena ng'ombe zake zikalowa m'munda wa mnzake. Awa amalipira kuti athamange!

Ndinaleka kuseka nditayang'anitsitsa malaya awo. Ambiri amalemba dzina lawo pacifuwa, kuti anthu osawadziwa oima m'mbali aziwaitana ndi dzina powalimbikitsa. Ena amamata kumsana cithunzi ca mai awo kapena ca mwana amene anamwalira. Amathamanga kuti abale ndi anzawo asonkhe ndalama zothandizira odwala khansa, akhungu, ana amasiye. Kucokera pamene mpikisanowu unayamba mu 1981, ndalama zosonkhedwa mwa njira imeneyi zapitirira mapaundi 1 biliyoni.

Amayambira ku Blackheath ndi ku Greenwich, kum'mwera kwa mtsinje wa Thames. Zovala zawo amaika m'matumba, malole ndi kuwanyamulira kukawadikira kumapeto. Amazungulira Cutty Sark, combo cakale cimene cinali kunyamula tiyi kucokera ku China. Atatsala pang'ono kufika pakati pa ulendo amaoloka mlatho wochuka wa Tower Bridge, pamene phokoso la oonerera limagonthetsa m'khutu. Kenako amalowa pakati pa nyumba zazitali za ku Canary Wharf, kubwerera motsata mtsinje, kudutsa pa koloko ya Big Ben, kukhota pa nyumba yacifumu ya Buckingham Palace, ndi kumalizira pa mseu wochedwa The Mall. Akatswiri, amene ambiri ndi ana a ku Africa kuno, amatenga maola awiri ndi mphindi zocepa. Eliud Kipchoge wa ku Kenya anapambana kumeneko kanai. Mu 2025 anapambana Sabastian Sawe wa ku Kenya, ndipo kwa akazi Tigst Assefa wa ku Ethiopia. Koma khamu la anthu wamba limatenga maola anai, asanu, ena mpaka asanu ndi atatu.

Tsono mvetsani bwino apa. Pa mpikisano wotere munthu sagwa pa ciyambi. Thupi limasunga cakudya m'minofu ndi m'ciwindi, monga momwe timasungira cimanga m'nkhokwe. Nkhokwe imeneyi kwa anthu ambiri imatha akafika ca pa makilomita 30 kapena kupitirirako pang'ono. Othamanga amati wagunda cipupa. Miyendo imalema ngati matope, mutu umasokonezeka, munthu amene anali kuseka pa Tower Bridge amayamba kudzandira ngati woledzera. Ndi February wa thupi, abale: nkhokwe yatha, cimanga m'munda cikuoneka, koma sicinakhwime.

Mtunda uja wa makilomita 42 ndi mamita 195 unayambira ku London komweko mu 1908, pa masewera a Olympics. Anayambira ku nyumba yacifumu ya Windsor kukamalizira m'bwalo la White City. Tsiku limenelo kunatentha. Woyamba kulowa m'bwalo anali mnyamata wamfupi wa ku Italy, Dorando Pietri. Analowa mutu utasokonezeka kale, nakhotera kolakwika. Anamubweza. Anagwa, anadzuka, anagwanso, kangapo konse, anthu zikwizikwi akukuwa. Oyang'anira mpikisano analephera kupirira, anamugwira mikono ndi kumuthandiza mpaka anadutsa mzere. Pambuyo pake panafika Johnny Hayes wa ku America ndi miyendo yake. A ku America anadandaula, ndipo dandaulo lawo linamveka: Pietri anacotsedwa cifukwa anathandizidwa, Hayes ndiye analandira mendulo. M'mawa mwake Mfumukazi Alexandra inapatsa Pietri cikho comutonthoza. Lamulo silinalakwe. Pa mpikisano wofuna kudziwa waliwiro kuposa onse, wogwiridwa mkono sangakhale woyamba.

Patapita zaka 73, amuna awiri, Chris Brasher ndi John Disley, anayambitsa marathon ya anthu onse mu mzindawo, ataona momwe anali kucitira ku New York. Pa 29 Marichi 1981 mvula ikuwaza, awiri amene anali patsogolo, Dick Beardsley wa ku America ndi Inge Simonsen wa ku Norway, analimbana njira yonse osasiyana. Pofika kumapeto anagwirana manja, nadutsa mzere pamodzi. Kwa akazi anapambana Joyce Smith, mai wa ana awiri, wa zaka 43.

Koma cimene candikhalitsa pano lero ndi ca mu 2017. Munthu wina, osati katswiri, bambo wamba wokonda kuthamanga, anafika pa The Mall. Mzere anali kuuona. Panatsala mtunda wocepa kuposa kucokera pa chalichi cathu kufika pa mjigo. Miyendo inakana. Anali kupepesuka uku ndi uku, maondo akupindika, othamanga anzake akumudutsa, aliyense maso pa koloko. Sindiwaweruza, anavutikira mphindi zimenezo miyezi yambiri. Ndiye wina wa ku Wales, amene sanali kumudziwa n'komwe, anaima. Anamukoleka mkono paphewa, kumuloza kumene kuli mzere, ndi kuyenda naye pang'onopang'ono mpaka anadutsa onse awiri. Nthawi yake inaonongeka. Wogwayo sanacotsedwe, analandira mendulo yake monga wina aliyense womaliza. Pakuti kumbuyo kwa akatswiri aja, mpikisano wa anthu 50,000 sufunsa kuti woyamba ndani. Aliyense wofika amamukoleka mendulo m'khosi ndi kumufunditsa kansalu konyezimira kuti asazizidwe.

Nditaona kanema ameneyu pa foni ndinakumbuka chimo langa. Zaka zambiri ndili mphunzitsi, ine ndinali woimba wisulo pa tsiku la masewera. Ndinali kuima pa mzere ndi buku, kulemba woyamba, waciwiri, wacitatu. Caka cina pa liwiro lalitali lozungulira mudzi, nditalemba atatu anga ndi kuona kuti ambiri afika, ndinakulunga cingwe, ana ndi kupita kukalandira maheu. Titayamba kale kugawa mphatso, kunatulukira kamtsikana ka giredi 6, kakutsimphina, munga uli kuphazi, mnzake atakagwira m'ciuno. Anafika pamene panali mzere, napeza palibe cingwe, palibe munthu. Anaima, nayang'ana uku ndi uku. Ine ndinawaona, koma ndinali ndi mlendo wolemekezeka pambali panga, ndipo ndinapitiriza kuwerenga maina. Atsikana amenewo lero ndi amai a ana awo. Sindinawapepese.

Paulo Woyera analemba za othamanga m'kalata yake yoyamba kwa Akorinto, mutu 9. Anthu a ku Korinto anali kuzidziwa bwino, cifukwa pafupi ndi mzinda wawo, ku Isthmia, kunali kucitika masewera aakulu zaka ziwiri zilizonse, ndipo wopambana anali kuvekedwa nkhata ya masamba. Mau amenewo ndawalalikira kambiri, makamaka kwa acinyamata, ndi mau amphamvu: dziletseni, limbikani, musayang'ane kumbuyo. Ndi zoona, sindibweza. Koma pamene ndinali kulalikira motero ndinali ndi maondo abwino. Sindinali kuona kuti pa mabenchi akumbuyo pakhala anthu amene anathamanga kale makilomita 40 awo. Agogo amene analera ana asanu ndi atatu, naika m'manda anai, tsopano akulera adzukulu. Abambo amene anali kulima maekala atatu okha, lero khasu liwagwa m'manja. Anthu otere safuna kuuzidwa kuti athamange mwamphamvu. Iwo ndi amene ali pa The Mall, mzere akuuona, miyendo yakana.

M'nyengo ya Lenti timayenda Njira ya Mtanda, ndipo pa malo acisanu timaima pa Simoni wa ku Kurene. Kurene unali mzinda wa kumpoto kwa Africa, m'dziko limene lero ndi Libya. Munthuyu anali pa ulendo wake, asilikali namukakamiza kusenza mtanda wa Yesu. Marko amachula ndi maina a ana ake, Alesandro ndi Rufo, kusonyeza kuti mpingo woyamba unali kulidziwa banja limeneli. Kawirikawiri timati tikhale ngati Simoni. Ine caka cino ndinaima pa malo amenewo ndikuyang'ana kwina. Ndinayang'ana Ambuye. Mtunda wotsiriza wa ulendo wawo, iwo amene anadyetsa zikwi ndi kuukitsa akufa, analola mlendo wodutsa kuwasenzera mtengo. Pa lamulo la 1908 akanacotsedwa. Atate sanawacotse.

Apa ndipo pali povuta kwa ife akuluakulu, makamaka ife amuna. Kuthandiza timakudziwa. Kuthandizidwa ndiko kumatiwawa. Munthu adwala miyezi iwiri osauza wa ku chalichi, akuti ndingaoneke wopemphetsa. Mai wamasiye agona ndi njala, mpongozi akabwera ndi ufa amubweza pakhomo cifukwa ca mau amene anakangana zaka zisanu zapitazo. Wina akana kukwera ngolo kupita ku cipatala, akuti ndidzayenda ndekha ndikapezako bwino. Timati ndi ulemu, koma nthawi zina ndi kunyada kovala jekete. Bambo uja wa ku London akanakankha dzanja la mnzake, nati ndisiye ndimalize ndekha, akanamalizira pa macira.

Ndipo inu acinyamata, inu a Mothers' Union, inu amene miyendo ikali yolimba, munthu wa ku Wales uja sanacite cozizwitsa. Anangocotsa maso pa koloko yake. Nanunso muli nayo koloko: feteleza, fizi ya ana, msika wa Ciweru. Palibe amene adzakubwezerani m'mawa umene mudzataye pa munda wa nkhalamba. Iye uja nthawi yake sanamubwezere.

Mvula yathayi bondo langa lakumanzere linatupa, udzu m'munda mwanga unafika m'ciuno. Anyamata a kwaya anatuma mmodzi kudzandiuza kuti abwera kudzapalira. Ndinamuyankha ngati mphunzitsi, kuti ine sindinafike pamenepo, apite kwa ofunika thandizo. Mnyamatayo anagwada, nati zikomo, napita. Madzulo amai a kunyumba anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo anati, "Abambo, kodi udzuwo mudzaulalikira kuti ucoke?" Ndinakhala masiku atatu ndikulimbana ndi mau amenewo. Tsiku lacinai ndinatenga ndodo, ndinapita kwa mnyamata uja, ndipo ndinapempha ndi pakamwa panga. Anabwera khumi ndi awiri pa Ciweru m'mamawa. Ine anandikhazika pa mpando pansi pa mtengo wa mango, nchito yanga inali yosunga cigubu ca thobwa. Anamaliza dzuwa lisanafike pamutu, ndipo mzere wotsiriza anandisiyira mapesi asanu kuti ndipalire ndekha, iwo ataima kumapeto akuomba m'manja.

Mwana wa mlongo wanga walembetsanso kacinai. Akuti akamusankha adzalemba dzina la agogo ake kumsana.

Tiyeni tipemphere, ndipo pamene tikhala cete, aliyense achule mumtima dzina la munthu mmodzi wa m'mudzi mwake amene miyendo yamukana.