Tsiku Lomwe Magazi a Achemwali Anga Anasintha Gulu

Ine si dokotala ayi. Ku yunivesite ndinasiyira panjira n'kuyamba utolankhani, ndipo nkhaniyi ndinaiphunzira ndikudwazika achemwali anga.

Khadi lawo loperekera magazi linkati gulu A. Atadwala khansa ya m'magazi, a kulabotale anayeza n'kupeza kuti akuoneka ngati O. Achibale tinakalipa kuti asokoneza mabotolo, ndipo amene anakweza mawu kwambiri ndinali ine. Ndinalakwa.

Magulu a magaziwa anawatulukira Karl Landsteiner ku Vienna mu 1901. Chimene timati A kapena B ndi tizizindikiro tonga shuga tokhala kunja kwa maselo ofiira, ndipo wa gulu O alibe tonse tiwiri. Maselowa amapangidwa m'mafuta a m'mafupa, momwenso khansa ya m'magazi imamera. Maselo ochokera m'mafuta odwalawo amatha kutuluka opanda chizindikiro cha A, kapena chili chozilala. Madokotala anayamba kulemba za zimenezi mu 1957. Matendawa akagonja ku mankhwala, chizindikirocho chimabwerera.

Kusinthaku sikuopsa kwenikweni, chifukwa munthu wa A akamuika maselo a O thupi limawalandira. Choopsa ndi china. Wodwala khansa ya m'matumbo wa gulu A, mabakiteriya a m'matumbomo amatha kutulutsa mankhwala omwe amasenga chizindikiro cha A mpaka kufanana ndi B. Pomuyeza amaoneka ngati AB, chonsecho thupi lake likadali mdani wa B. Mu 1996 magazini ya madokotala ya Transfusion inalemba za wodwala yemwe anamwalira atamuika magazi a AB mwa njira imeneyi.

N'chifukwa chake a kulabotale odziwa ntchito samangoyeza maselo okha. Amayezanso madzi a magaziwo kuti aone gulu lomwe thupi likukana, ndipo mayankho awiriwa akatsutsana amaima kaye. Kuchedwa komwe tinkadandaula usiku uja kunali kumeneku.

Pempho langa n'lakuti mukamadwazika wa khansa, tengani khadi lake lakale, muwauze anamwino gulu lomwe ankadziwika nalo, komanso ngati anaikidwapo magazi posachedwa. Khadi la achemwali ndinali nalo m'thumba, koma ndinalitulutsa pofuna kupambana mkangano basi.