KUKWERA MAPIRI A KU VALTELLINA PA NJINGA

Nkhani ya mwezi uno ndi ya anthu a ku Ulaya amene amatenga njinga zao pa nthawi yopuma nchito, nakakwera nazo mapiri atali kwambiri, popanda wowatuma ndiponso popanda wowalipira. Malo amodzi amene anthu otere amakonda ndi cigwa ca Valtellina, m'mapiri a Alps, kumpoto kwa dziko la Italy, kufupi ndi malire a Switzerland. Kumeneko kuli phunziro limene munthu ali yense wokwera njinga ayenera kulimva, ndilo lakuti pa phiri kukwera nkotopetsa, koma ngozi yaikuru iri potsika.

CIGWA CACE

Pakati pa cigwaco payenda mtsinje wa Adda, umene umacokera kumapiri a kufupi ndi Bormio ndi kukathira m'nyanja ya Como. M'mbali mwa mtsinjewo anakonza njira ya anthu a njinga ndi oyenda pansi, dzina lace Sentiero Valtellina. Njirayo iyambira pa Colico, m'mphepete mwa nyanja, nipyola pa Sondrio, mzinda waukuru wa cigwaco, ndi pa Tirano, mpaka kukathera pa Bormio. Utali wace ndi makilomita 114, ndipo pa mbali yaikuru ya njirayo galimoto saloledwa kupitapo.

Wapaulendo amaona minda ya maapulo m'cigwa, ndipo m'mbali mwa mapiri amaona minda ya mphesa yosanjikizana ngati makwerero. Anthu akale anamanga makoma a miyala ndi manja ao kuti dothi lisakokoloke, ndipo adzukuru ao akali kulima pomwepo. Colico ali pa mamita ngati 200 pamwamba pa nyanja yamcere, koma Bormio ali pa mamita 1,225. Motero njirayo imakwera pang'ono pang'ono, ndipo anzeru amayenda masiku awiri kapena atatu kuti miyendo izolowere asanayambe zitunda zenizeni.

MIPATA ITATU

Kuti munthu aturuke m'cigwaco kumtunda kwace, ayenera kudzera pa mpata, ndiko kuti malo amene mseu umadumpha phiri. Mipata yodziwika kwa anthu a njinga iripo itatu.

Woyamba ndi Mortirolo. Mseu wace uyambira pa mudzi wa Mazzo, pakati pa Tirano ndi Bormio. Ndi kamseu kakang'ono ka m'nkhalango, kacete, kopitamo galimoto owerengeka. Utali wace ndi makilomita 12 okha, koma m'makilomita amenewo umakwera mamita ngati 1,300, nukafika pa mamita 1,852. Ici citanthauza kuti pa mapazi 100 ali onse munthu amakwera mapazi oposa 10, ndipo malo ena amakwera mapazi 18.

Waciwiri ndi Gavia, umene ucokera ku Bormio, nudzera pa Santa Caterina, nutsikira ku Ponte di Legno. Pamwamba pace pafika mamita oposa 2,600. Malo ena mseuwo ngwopapatiza, thanthwe mbali iyi, phompho mbali inayo.

Wacitatu ndi Stelvio, wamtali koposa yonse, wa mamita 2,757. Aphunzitsi angathe kuuza ana kuti pangotsala mamita 245 kuti mseuwo ulingane ndi nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, imene iri mamita 3,002. Boma la Austria ndilo linamanga mseuwo kuyambira caka ca 1820 kufikira 1825, pamene linali kulamulira dziko lozungulira mzinda wa Milan, ndipo mmisiri amene anaulinganiza ndi Carlo Donegani. Kucokera ku Bormio mpaka pamwamba ndi makilomita oposa 21. Ku tsidya linalo, kucokera ku mudzi wa Prato, kuli makona 48 opindika ngati cigongono, ndipo kona iri yonse iri ndi nambala yace. Wokwera amayamba pa 48, namawerenga cobwerera m'mbuyo mpaka pa 1.

Mpikisano waukuru wa njinga wa dzikolo, Giro d'Italia, unadzera pa Stelvio nthawi yoyamba m'caka ca 1953. Pa citunda cimeneco Fausto Coppi wa ku Italy anasiya m'mbuyo Hugo Koblet wa ku Switzerland, napambana mpikisano wonse kacisanu. Kuyambira 1965 malo atali koposa a mpikisanowo caka ciri conse amapatsidwa dzina lakuti Cima Coppi, pomkumbukira iye.

POKWERA

Wapaulendo sali pa mpikisano, ndipo akayesa kutsanzira akatswiri mphamvu zimamthera pakati pa phiri. Njinga za m'mapiri ziri ndi magiya ambiri. Giya yaing'ono imacititsa kuti kupalasa kukhale kopepuka ngakhale njinga iyende pang'ono, ndipo munthu wozolowera amaika giya imeneyo phiri likangoyamba, osadikira kuti miyendo ilemere. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Munthu wa mphamvu zacikatikati amatha maora awiri kapena atatu kukwera Stelvio. Pa nthawi yonseyo ayenera kumwa madzi ludzu lisanafike, ndi kudya pang'ono pang'ono mkate kapena zipatso njala isanamgwire, pakuti njala ikagwira munthu pa citunda miyendo imangolefuka mwadzidzidzi. Cinanso ndi mpweya. Pamwamba pa Stelvio mpweya umacepa ndi gawo limodzi la magawo anai, kapena kuposa pang'ono, poyerekeza ndi wa m'mphepete mwa nyanja yamcere. Cifukwa cace munthu amapuma wefuwefu ngakhale ali kuyenda pang'ono. Kuima ndi kupumula, kapena kutsika ndi kukankha njinga, si camanyazi ai.

POTSIKA

Munthu akafika pamwamba amaganiza kuti nchito yatha, koma apa ndi pamene ayenera kucenjera koposa. Zoopsa ziripo zitatu.

Coyamba ndi cisanu. Pa mamita 1,000 ali onse amene munthu akwera, kutentha kumacepa ndi madigiri ngati 6. Motero amene ananyamuka ku Bormio dzuwa liri kuwala amapeza kuti pamwamba pazizira ndi madigiri ngati 10, ndipo cipale cofewa cingathe kugwa ngakhale m'miyezi yotentha. Iye amafika malaya atanyowa ndi thukuta, tsono potsika sapalasanso, mphepo imangomuomba. Zala zimacita dzanzi, ndipo zala zadzanzi sizingagwire mabuleki.

Caciwiri ndi mabuleki. Munthu akawagwira kosalekeza pa mtsetse wa makilomita 20, mphira ndi citsulo zimatentha kwambiri. Mabuleki amaleka kugwira bwino, ndipo pa njinga zimene mphira zimakhuza rimu, cubu cingathe kuphulika. Odziwa amagwira mabuleki onse awiri mwamphamvu asanalowe m'kona, nawamasula ataturuka, ndipo nthawi zina amaima kuti citsulo cizizire.

Cacitatu ndi mdima. Ku mbali ya Bormio mseu wa Stelvio umalowa m'njira zoboola m'thanthwe, zopapatiza. Wopanda nyali kutsogolo ndi kumbuyo saona bwino, ndiponso woyendetsa galimoto samuona iye.

Zimene zinacitika pa Gavia pa 5 June 1988 zionetsa bwino nkhani imeneyi. Tsikulo mpikisano wa Giro d'Italia unakwera mpatawo cipale cofewa ciri kugwa. Woyamba kufika pamwamba anali Johan van der Velde wa ku Holland, atavala malaya a manja afupi. Potsika cisanu cinamgwira kotero kuti anaima, nakafika ku Bormio atacedwa ndi mphindi zoposa 40. Andy Hampsten wa ku America anali m'gulu limene akuru ace anaona nyengo, nagula zipewa ndi magolovesi ofunda, naika anthu m'phirimo kuti azipereka zovalazo. Iye anatsika bwino, nafika waciwiri pambuyo pa Erik Breukink, ndipo tsiku lomwelo anayamba kutsogolera mpikisano. Anaupambana wonse, nakhala munthu woyamba wa ku America kutero. Van der Velde sanacepe mphamvu. Cimene cinasowa kwa iye pa nthawi yoyenera ndi covala cofunda.

ZIMENE ANZERU AMACITA

Mipata ya Stelvio ndi Gavia imatsekedwa ndi cipale cofewa miyezi yambiri, ndipo kawirikawiri imatseguka kuyambira ca mu June mpaka ca mu October. Wapaulendo amayamba wafunsa anthu a kumeneko ngati mseu uli wotseguka ndi m'mene nyengo ikhalire. Amalawirira m'mamawa, cifukwa masana pa Stelvio pamacuruka galimoto ndi njinga zamoto, ndiponso mvula ya mabingu imakonda kugwa dzuwa litapendeka. Caka ciri conse pali tsiku limene galimoto amaletsedwa pa mseuwo, ca kumapeto kwa August kapena kuciyambi kwa September, ndipo anthu zikwi zambiri amakwera pa njinga mwamtendere.

Asananyamuke amayang'ana mphira za mabuleki ngati sizinathe, nsambo zace ngati sizinayambe kuduka, ndi matayala ngati ali olimba. Amathira mafuta pa cheni. M'cikwama amaikamo pampu, cubu capadera, masipanala, jekete ya mvula, juzi ndi magolovesi, ndipo kumutu amavala cisoti. Amauzanso anthu a pa nyumba imene wagona njira imene ali kudzera, pakuti pa mseu wacete munthu wogwa angathe kukhala nthawi yaitali wopanda womuona. Nyengo ikaipa amabwerera, ngakhale nsonga iri pafupi, cifukwa tsoka silinunkha.

Tsono inu amene muli ndi njinga, mungathe kutolapo nzeru pa nkhani imeneyi ngakhale simudzafika ku Valtellina. Musanatsike mtsetse wautali, makamaka mutanyamula katundu kapena munthu, yambani mwaima pamwamba ndi kuyesa mabuleki onse awiri. Ngati sagwira, tsikani ndi kuyenda nayo pansi. Aphunzitsi awauze ana a sukulu zomwezi.