Ngongole ya Msonkho: Pitani Msanaitanidwe

Ndaima pano kuti ndinene za ngongole ya msonkho.

Chiyambire chaka cha 2000, ntchito yotolera msonkho ili m'manja mwa bungwe la Malawi Revenue Authority, limene likulu lake lili ku Msonkho House mumzinda wa Blantyre. Msonkho wa PAYE, umene olemba anthu ntchito amadula pa malipiro, uyenera kuperekedwa pofika pa 14 mwezi wotsatira. Ndalama imeneyi si ya bwana ayi. Ndi thukuta la wantchito. Woisunga akungodziunjikira chindapusa ndi chiwongoladzanja.

Tsono inu amene muli ndi ngongole musabisale. Pitani nokha ku ofesi, mukavomere, ndipo mukapemphe kulipira pang'onopang'ono. Oyendera mabuku akafika, aonetseni malisiti onse. Ngati mukuona kuti akuchulukitsirani msonkho, lembani dandaulo kwa Commissioner General. Mukapanda kukhutira, kasumeni ku Revenue Appeals Tribunal, bwalo limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2021. Koma mukangokhala chete, bungweli lili ndi mphamvu zotenga ndalamazo kubanki kwanu.

Akuluakulu anati mlandu suola. Kauzeni anzanu, m'midzi ndi m'matauni momwe.