Gwirani muzu, mawu enawo abwera okha

Ambiri a ife timaloweza mawu a Chingelezi amodziamodzi, mayeso akafika onse balala. Lero ndabweretsa mneni mmodzi yekha wa Chilatini, vocare, kutanthauza kuitana. Tione kuti atipezera mawu angati.

Tamvani kaye nkhani iyi. Aroma akazinga mzinda, nthawi zina ankayamba aitana mulungu wa mzindawo kuti atuluke, n'kumulonjeza kachisi kwawo. Mwambowu ankautcha evocatio, kuitanira kunja. Wolemba mbiri Livy amasimba kuti m'chaka cha 396 BC mkulu wa asilikali Camillus anachita zimenezi ku Veii, mulungu wamkazi Juno n'kusamutsidwira ku Rome. Lero nyimbo yakale ikakukumbutsani agogo, Mngelezi amati evoke, wa ku Romania amati evoca. Kudakali kuitana komweko, kungoti chotuluka ndi chikumbumtima chakale.

Ndiye sinthani kutsogoloko. Invoke ndi invoca, kuitanira mulungu kapena lamulo kuti likuthandize. Convoke ndi convoca, kuitanitsa msonkhano. Provoke ndi provoca, kuputa munthu, ngati kumuuza kuti tuluka tionane. Nanga loya? Advocate, ku Romania avocat, ndi munthu woitanidwa kuti adzakuimirire pa mlandu.

Chifukwa chiyani akufanana chonchi? Chiromaniya chinabadwa kuchokera ku Chilatini, Aroma atalanda dera la Dacia mu 106 AD, nthawi ya mfumu Trajan. Komatu ambiri mwa mawu awa anawatenga mochedwa, m'zaka za m'ma 1800, makamaka ku Chifalansa. Mayi wa ku Bucharest poitana mwana amagwiritsa ntchito mneni wina, chema, wochokera ku clamare, kufuula. Claim ndi exclaim achokeranso komweko. Chingelezi chokha si mwana wa Chilatini ayi, chinangobwereka kudzera ku Chifalansa ndi m'mabuku.

Zisakuopseni, luso limeneli muli nalo kale. Itana, itanira, itanitsa, itanidwa: muzu ndi umodzi, eti? Ife timalumikiza kumapeto, m'mawu awa Aroma analumikiza koyambirira, basi. Ngakhale vocation ndi maitanidwe omwe timamva kutchalitchi aja.

Tsono pomwe tizikumananso, aliyense abwere atafufuza revoke ndi vocal. Koma musanatsegule dikishonale, yambani mwaganiza nokha kuti akuitana ndani, ndipo akuitanira kuti.